Sindinanene kuti mamina

Popeza mlamu wanga wayamba kale kuifalitsa mokhotetsa pa WhatsApp, bola muimve kwa mwini wake. Sindinanene kuti m'ndiwo za apongozi anga munali mamina. Ndinati umami. U-ma-mi. Mboni zanga ndi Mulungu ndi galu amene anagona pakhomo.

Kunali kwawo kwa mayi a kunyumba, kuseri kwa Ulónguè. Apongozi anaphika therere la chidulo, pambali kapenta wa ku Cahora Bassa wothira tomato wakupsa psuu, ndi bowa wouma amene anasunga chichokere dzinja. Ine wokhala m'tauni ya Tete, kumene ndiwo iliyonse imangomveka kaldo, zokometsera ndiwo zogula m'timapepala zija, nditameza mbamu yoyamba lilime linagwada.

Tsoka lake, sabata yomweyo ndinali nditawerenga pa foni kuti lilime limamva zinthu zisanu: kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere, ndi chachisanu chimene a ku Japan anachitcha umami. Mawu atsopano amayabwa m'kamwa, mukudziwa inu.

Apongozi anali atakhala poteropo, pakhomo la khitchini, monga mwa ulemu wa pachipongozi. Ine m'kamwa muli nsima, therere likulendewera kuchala, ndinakweza mawu: "Amayi, ndiwozi muli umami wambiri!"

Kunangoti zii. Nkhuku inaima mwendo umodzi uli m'malere. Mwana amene amalira anasiyira pakati. Chokhacho chimene chinapitiriza kuyenda pabwalo lonse chinali therere lija, likutsika kuchoka kuchala changa, likunyololoka, likutalika, osaduka, ndipo aliyense akuliyang'ana ngati umboni wa pabwalo la milandu. Ndikuganiza kuti linatenga theka la ola kuti lifike m'mbale.

"Akuti chiyani bambowa?" apongozi anafunsa mwana wawo, osati ine.

Mlamu wanga, amene ndinamugulira nsapato chaka chatha, anayankha msangamsanga: "Akuti muli mamina ambiri."

Wanzeru akanapepesa n'kutsuka m'manja. Ine ndinatsegula sukulu. Ndinati ayi amayi, m'chaka cha 1908 katswiri wina wa ku Tokyo, Kikunae Ikeda, anafufuza chimene chimakometsa msuzi wa kombu, ndere za m'nyanja zimene kwawoko amadya, n'kupeza kuti ndi glutamate.

"Ndiye zachoka pa mamina, zafika pa ndere?"

Ndinati ayi, glutamate yemweyo ali mu tomato wakupsa, ndiponso ndi amene amaika mu kaldo. Apa ndiye ndinaponda mchira wa njoka. Mayi amene sanagulepo kaldo chibadwire, amene amati ndi ndiwo za akazi aulesi, kuuzidwa ndi mkamwini kuti mphika wawo ukumveka za m'kapepala! Anadzuka, kukonza chitenje, kulowa m'khitchini. Mayi a kunyumba anandiyang'ana diso lija lotanthauza kuti tikakambirana pa chapa, minibasi yathu ija, pobwerera.

Koma tiweruze mwachilungamo. Malambe timati akuwawasa, nzimbe ikutsekemera, mchere wakolera. Nanga kukoma kuja kwa msuzi wa nsomba youma ya chikowa, kumene kumadzaza m'kamwa, kudzutsa malovu, n'kutsalira kukhosi mpaka nsima iwiri yatha osadziwa, timakutcha chiyani? Timangoti "zakoma", mawu omwewo amene timanenera fanta ndi tulo. Ine ndimafuna kuwapatsa apongozi ulemu wapadera. Akatswiri amati nsomba youma kapena bowa wouma zikakumana ndi tomato, kukomako kumachulukana, sikungowonjezekera. Mayi aja akhala akuchita zimenezi Ikeda asakumudziwa n'komwe. Kulakwa kwanga kunali kuyankhula therere lili m'manja, basi. Ndi kukhala ndi mlamu.

Madzulo anandipatsa nyemba zowiritsa, zopanda tomato, zopanda anyezi, pambali pa mbale ataikapo kampango kopukutira mphuno. Sindikudziwa anaika ndani, ngakhale ndikumukayikira wa nsapato uja.

Nyembazo munalibe umami. Sindinanene.