Zimene ndinaphunzira pa nyumba ya Masongola ku Zomba

Teremu yathayi tinali pa mutu wa kukhazikitsidwa kwa ulamuliro wa atsamunda m'dziko muno, ndipo kope langa linadzaza ndi zaka: 1889, 1891, 1907, 1915. Kuloweza ndinaloweza, mayeso ndinakhoza. Koma ine ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti tsiku lina ndidzaima pamaso pa ana a Fomu 3 n'kumawawerengera zaka zomwezi popanda ulusi wozilumikiza. Ulusiwo ndinaupeza pa holide, titapita ku Zomba banja lonse, ndi agogo aakazi omwe, amene tinachita kuwanyengerera kuti asiye kaye dimba lawo ku Chiradzulu.

Ana ankafuna kukwera phiri. Bambo ndi amene anati tiyambe taona nyumba yakale ya kazembe, imene anthu amaidziwa ndi dzina loti Masongola, yomwe pambuyo pake inasanduka malo ogona alendo. Ili m'munsi mwa phiri, pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi komanso munda wa mitengo ndi maluwa uja. Chimene umayamba kuona ndi nsanja zake ziwiri za madenga osongoka. Nditagwira khoma ndinamva kuzizira ngakhale dzuwa linali litakwera, ndipo mng'ono wanga anayesa kuyeza kuchindikala kwake pa zenera ndi zikhatho zake, zikhatho n'kuperewera.

Anaimanga John Buchanan mu 1886, kumangira kazembe wa Britain, Hawes. Buchanan anabwera ndi mishoni ya Blantyre ngati katswiri wa zaulimi, kenako anayamba kulima khofi payekha ku Zomba. Ndi yemweyu amene mu 1889, akugwirizira udindo wa kazembe, analengeza kuti dera la mapiri a Shire lili m'manja mwa Britain pofuna kutsekereza Apwitikizi a Serpa Pinto omwe ankakwera ndi mtsinje wa Shire. M'kope mwanga Buchanan wa khofi ndi Buchanan wa 1889 anali pa masamba osiyana. Nditaima pakhomo paja ndi pamene zinandilowa kuti munthu amene ankafuna malo olima ndi yemweyo amene anamanga nyumba ya boma, ndiponso yemweyo amene anaitana mbendera.

Mu 1891 Harry Johnston anabwera ngati mkulu woyamba wa boma latsopanolo, nakhazikika m'nyumba imeneyi. Zomba inakhala likulu kuyambira pamenepo mpaka 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo aphungu anapitiriza kukumana komweko mpaka 1994. Johnston anali ndi asilikali achisikh ochokera ku India, ndipo anathira nkhondo mafumu ngati Makanjira ndi Jalasi kum'mwera kwa nyanja, komanso Mlozi ku Karonga mu 1895. Ndalama zoyendetsera boma zinali zochepa. Kampani ya Cecil Rhodes inkathandizapo ndi mapaundi 10,000 pachaka. Zotsalazo zinayenera kufinyidwa mwa anthu, ndiye kunabwera msonkho wa nyumba.

Apa ndi pamene agogo analowerera. Anali atakhala pa mthunzi, nsapato atavula, akumvetsera ine ndikufotokozera ana za zikalata za malo zimene Johnston ankapereka kwa azungu.

"Iwe, ukunena za mapepala amene anatidyera minda aja?"

"Eya agogo, omwewo. Anayamba kuperekedwa nthawi imene bwana ameneyu ankakhala muno."

"Ndiye ndi muno." Anayang'ana nsanja zija nthawi yaitali. "Bambo anga ankadzuka tambala woyamba kupita ku thangata, chimanga chathu chikumera ndi udzu. Akati afunse, kapitawo ankangoti malo ano ali ndi mwini wake, pepala lili ku boma."

Ndakhala ndikuganizira mawu amenewa kuposa china chilichonse cha paulendowu, ndipo nditabwerera kusukulu ndinawerenganso nkhani ya zikalatazo ndi maso ena. Kuyambira mu 1892 Johnston ankafufuza zonena za azungu amene ankati anagula malo kwa mafumu, ambiri a iwo atapereka nsalu, mikanda, mfuti ndi onga posinthana ndi malo aakulu zedi. Akavomereza, ankapereka chikalata chotchedwa Certificate of Claim. M'zikalata zambiri munali ndime yonena kuti midzi ndi minda imene inalipo kale isasokonezedwe. Pongowerenga, ndimeyi imaoneka yachifundo, ndipo ena amaitchula poikira kumbuyo Johnston. Ine sindikuvomereza kuti inateteza anthu mokwanira. Makolo athu ankalima mosuntha: nthaka ikatopa ankatsegula mphanje kwina, mudzi nawo n'kusendera. Munthu akangochoka pa malo amene anali pa tsiku la chikalata, eni esiteti ankamutenga ngati wobwera. Alhomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique pambuyo pake analibiretu chitetezo chimenecho. Lendi ya pamalopo inali thukuta lawo, ndipo mawu oti thangata, amene kale ankanena za kuthandizana pa ntchito, anasanduka dzina la ukapolo wa pa esiteti.

Msonkho ndi malo zinkakokerana. Munthu analibe ndalama yolipira msonkho pokhapokha atagulitsa mbewu kapena kukagwira ntchito kwa mzungu, ndipo m'nthawi ya Alfred Sharpe, amene analowa m'malo mwa Johnston mu 1896, wogwira ntchito kwa mzungu kwa mwezi ankachepetseredwa msonkho. Ukayala zinthuzi motsatana, 1915 siikhalanso chaka chongotulukira. John Chilembwe anali ku Mbombwe, moyandikana ndi esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, kumene William Jervis Livingstone ankadziwika ndi nkhanza pa anthu a thangata ndipo matchalitchi a Chilembwe pa malowo ankatenthedwa. Kuchoka ku Masongola kukafika ku Magomero si ulendo wautali. Tinadutsa chakufupi ndi kumeneko pobwerera, agogo akuloza mapiri ndi kutchula midzi ya abale awo.

Nyumba ya boma yatsopano imene Sharpe anasamukiramo, yomwe lero ndi nyumba ya mtsogoleri wa dziko ku Zomba, tinangoionera pamsewu. Kuphiri tinakwera ndithu, ana anadya mastroberi mpaka milomo kufiira, koma maganizo anga anatsalira kumunsi.

Pali chinthu chimodzi chimene chikundipwetekabe. Mabuku amatchula Buchanan, Hawes, Johnston, ngakhalenso Alexander Whyte amene anayambitsa munda wa maluwa uja. Koma njerwa zimene ndinazigwira zija zinaumbidwa ndi manja a anthu a kuno, matabwa anachekedwa ndi kusenzedwa ndi anthu a kuno, ndipo katundu wa m'nyumbamo anakwera kuchokera ku doko la pa Shire pamitu ya amtengatenga. Nyumbayo ndi yokongola, ndipo ndikufuna isamalidwe kuti ana adziione. Kuigwetsa kapena kuilekerera kuti iwonongeke kungakhale kufufuta ntchito ya anthu amenewa pamodzi ndi umboni wa zimene zinkagamulidwa m'katimo.

Pa ntchito ya kafukufuku imene tapatsidwa teremu ino ndasankha mutu wa thangata m'boma la Chiradzulu. Ndakonza zopita ku National Archives, komwe kuli ku Zomba konko, kukapempha kuona zikalata za malo ndi malipoti a abwanamkubwa. Agogo avomera kuti ndiwajambule mawu pa foni, koma aika lamulo: ndipite nthawi yokolola ikatha, ndipo ndikaitanenso achemwali awo a ku Namitambo, chifukwa iwowo ndi amene amakumbukira nyimbo zimene anthu ankaimba polima m'munda wa fodya wa mzungu, komanso mmene kapitawo ankalembera masiku pa tikiti.