Tinakatsanzikana ndi anamzeze ku Chintheche

Abale a m'gulu lathu loona mbalame kuno ku Mzuzu, amene simunabwere Loweruka lija imvani mmene tinayendera. Tinanyamuka m'bandakucha pa minibasi tauni ili m'chifunga ndi kachisanu kake kaja, kutsetsereka msewu wa Nkhata Bay, kudutsa mitengo ya labala ya ku Vizara, pofika ku Chintheche majuzi onse tinali titavula.

Malichi tinamusankha dala. Ino ndi nthawi imene mbalame za ku Europe ndi Asia, zija zimafika kuno cha mu Okutobala pothawa chisanu cha kwawo, zimayamba kubwerera kukaikira mazira, ndiye ukachedwa mpaka kumapeto kwa Epulo upeza zambiri zapita.

Nkhwazi zinalipo, akakowa analiponso, koma awa ndi eni mudzi sapita kulikonse. Amene anatigwira mtima ndi anamzeze aja amati Barn Swallow. Pakati pa nyanja panadzuka nkhungu, tizilombo touluka tija ta m'nyanja, ngati utsi, mphepo n'kuikankhira kumtunda, eee anamzeze anangoti mbwee kuwakha tizilomboto m'malere osapuma! Mkulu wathu amene watha zaka akuona mbalame anatiuza kuti akudya chonchi kuti asunge mafuta, poti kutsogoloku kuli chipululu cha Sahara komanso nyanja ya Mediterranean, chonsecho kambalame kake kamalemera magalamu 20 basi, mwinanso osakwana. Ine ndinangoti kakasi. Sikuti anamzeze onse amapita ayi, ena monga Wire-tailed Swallow ndi akonkuno chaka chonse.

Pamiyala tinaona Common Sandpiper kakugwedeza mchira uku kakuyenda, nakonso ndi ka paulendo. Masana tinadya kondowole wa batala.

Koma chinandiwawa ndi bango. Anamzezewa usiku amagona m'bango, pomwe malo ena tinapeza lamwetedwa lonse, pena lotenthedwa kuti gombe lioneke bwino. Nanga akadzabwera chaka chino adzagona pati?

Panalinso anyamata awiri ali ndi malegeni m'khosi akutitsatira. Sitinawakalipire, tinangowabwereka mabainokyula, atamva kuti kambalame kamene akukaonako mwina mwezi wamawa kadzakhala ku Europe anathamanga kukaitana anzawo mpaka panali mzere. Tagwirizana kuti tidzapitenso mu Novembala mbalamezi zikabwerera, ndipo amene muli ndi mabainokyula ongokhala kunyumba chonde mudzabwere nawo, ana aja tinawalonjeza.