Situdiyo yathu ya m'nyumba ndi maiki ya condenser yomwe timadyerapo

Bizinesi yathu ndi yaing'ono zedi, tilipo awiri basi, ine ndi mng'ono wanga, ndipo timajambula mawu m'chipinda chomwe kale tinkasungiramo katundu wosagwira ntchito. Ntchito yochuluka imakhala mawu a malonda, ma podcast, ndakatulo, komanso oimba amene ali kale ndi biti koma akufuna kuikapo mawu. Mng'ono wangayo ndi amene ali ndi khutu la mixing, ine mbali yanga ndi kulandira kasitomala, kumuimika bwino pa maiki ndikudina rekodi. Tinayamba ndi laputopu, ka interface (kabokosi kolumikizira maiki ku laputopu) ka Focusrite Scarlett 2i2, mahedifoni awiri ndi maiki imodzi ya Shure SM58, yomwe mpaka pano ilipo ndipo sitingaigulitse olo munthu atichonderere bwanji.

SM58 ndi dynamic, mkati mwake muli ka coil ka waya komwe kamagwedezeka pakati pa maginito, ndiye kuti igwire bwino pamafunika mawu amphamvu komanso pakamwa pakhale pafupi. Kwa woimba wokuwa inali bwinobwino. Koma anayamba kubwera anthu a mawu ofewa, owerenga nkhani, olakatula motsitsa, ndipo tikamvera zomwe tajambula timaona kuti kampweya kaja komwe kamapangitsa mawu a munthu kumveka amoyo sikakutuluka mokwanira. Apa mpomwe tinayamba kusonkha ndalama ya condenser.

Condenser imagwira mosiyana. Ili ndi kachikopa kopyapyala kwambiri, nthawi zambiri kopakidwa golide, komwe kamakhala pafupi kwambiri ndi kachitsulo kumbuyo kwake, ndiye mawu akawomba kachikopako mpata wa pakati pa ziwirizi umasintha ndipo ndi kusinthako komwe kumasanduka siginolo. Popeza kachikopako ndi kopepuka, kamagwedezeka ngakhale ndi kunong'ona. Koma imafuna magetsi, aja amati phantom power a 48V omwe amadutsa mu kebulo ya XLR yomweyo kuchokera pa interface, ukapanda kudina batani limenelo maiki imangokhala duu. Si zachilendo ayi, E. C. Wente anapanga maiki ya mtundu umenewu mu 1916 ku America, ndipo za 48V zi zinabwera ndi kampani ya Neumann ya ku Germany mu 1966, mpaka lero ndi zomwe tonse tikugwiritsa ntchito.

Tinakangana kwa nthawi ndithu pakati pa Audio-Technica AT2020 ndi Rode NT1-A. Mng'ono wanga ankafuna AT2020 chifukwa inali yotsikirapo mtengo komanso imapirira phokoso lalikulu mpaka 144 dB, amati titsale ndi kenakake kogulira zina. Ine ndinakakamira pa NT1-A chifukwa cha chinthu chimodzi, self-noise. Maiki iliyonse ya condenser ili ndi kaphokoso kake ka "sss" kochokera m'magetsi ake omwe, AT2020 kake ndi 20 dB pomwe NT1-A ndi 5 dB basi, ndipo kwa ife amene theka la ntchito yathu ndi munthu mmodzi akuyankhula popanda nyimbo pansi, kusiyana kumeneko kumamveka ukakweza gain, yomwe ndi mphamvu yomwe siginolo ya maiki imalowera pojambula. Kuwonjezera apo NT1-A inabwera ndi shock mount (chogwirira maiki chomeza kugwedezeka) komanso pop filter (kasefa koika pakati pa kamwa ndi maiki) m'bokosi momwemo. Anagonja, tinagula imeneyo. Ndinene chilungamo, AT2020 ndaimvera kwa anzathu ndipo ndi maiki yabwino, ukaika biti pansi pa mawu palibe amene angakuuze kuti apa pali kaphokoso.

Ndiye tsiku loyamba kuilumikiza tinamva zinthu zomwe sitinkadziwa kuti zimakhala m'nyumba mwathu. Fani ya laputopu, firiji ya kuchipinda china ikamayaka, wotchi ya pakhoma, galimoto yodutsa kutali, zonse zinalowa mu hedifoni. Chachikulu chinali chipinda chenichenicho, makoma opanda kanthu ankabweza mawu moti munthu amamveka ngati akuyankhulira m'chidebe. Ichi ndi chomwe ndimauza aliyense wondifunsa kuti ndigule maiki iti, condenser imajambula munthu pamodzi ndi chipinda chomwe waimamo, ndipo ikakhala yabwino kwambiri mpamenenso imaulula bwino kuipa kwa chipindacho. Imani pakati pa chipinda chanu muwombe m'manja kamodzi, mukamva kakulira kotsalira pambuyo pake dziwani kuti maiki nayo ikamva.

Ndalama yotsatira yonse inapita ku makoma. Tinakhoma mafelemu a matabwa, kuikamo rockwool (chonga thonje chomeza mawu) yokhuthala masentimita 10 ndikukutira ndi nsalu, pansi tinayala kapeti, pazenera bulangete lolemera. Matileyi a mazira omwe anthu amakonda kumata aja musataye nawo nthawi, ndi opyapyala moti mawu okhuthala amangodutsa, ngakhale ka siponji kopyapyala kamangomeza mawu a pamwamba okha chipinda nkumamvekabe chogugumira. Chinanso chomwe tinaphunzira, NT1-A ndi cardioid, imamva kwambiri kutsogolo, pang'ono m'mbali, kumbuyo kwake pafupifupi ayi. Ndiye khoma lofunika kulikutira kwambiri ndi lomwe lili kumbuyo kwa woimbayo, chifukwa ndi komwe maiki yayang'ana. Laputopu tinaiika kumbuyo kwa maiki, kutali, fani ija inasiya kutivuta.

Makasitomala ambiri akafika amafuna kuyankhulira pamutu pa maiki ngati mmene amachitira ndi ya pasiteji. Panabwera mayi ena achikulire odzajambula ndakatulo zawo, anaigwira nkuipendeketsa kuti ilozetse kukamwa. Ndinati, "Pepani mayi, imeneyi musaigwire, muziyankhulira mbali iyi pomwe pali kadontho ka golideka." Ndinawaimika patali pafupifupi masentimita 15 mpaka 20, pop filter pakati. Titayamba, mu hedifoni munkamveka kuti ngwe ngwe, kuyang'ana ndi zibangili za pamkono, ndinawapempha avule. Kenako pepala lomwe anagwira linayamba kuchita tswatswa, tinaliika pa stand yoyala thawulo. Pa take yachitatu mpamene zinakhala bwino, mawu awo otsika aja anatuluka onse, mpaka pomwe amakoka mpweya asanayambe ndime ina. Atamvera anangoti, "Mwanawe, kodi ndimamveka chonchi ine?" Anabweranso ndi anzawo awiri a gulu lawo lolemba, ndipo ntchito ya ndakatulo kwathu inakula kuchokera pamenepo, osati chifukwa cha kutsatsa kulikonse.

Maganizo anga pa maiki imeneyi nditaigwiritsa ntchito nthawi yaitali ndi awa. Pa mawu a amuna okhuthala ndi gitala ya acoustic ndimaikonda kwambiri, zimatuluka zoyera. Ili ndi kuwala kumtunda, ndiye kwa anthu ena makamaka a mawu opyapyala ma "s" ndi "ts" amabaya khutu. Sitithamangira de-esser, chida chochepetsera ma "s" amenewa, timayamba taipotoza maiki pang'ono kuti isayang'ane ndendende pakamwa, kapena kuikweza ifike cha pamphuno, nthawi zambiri zimathera pomwepo. Munthu akayandikira kwambiri bass imachuluka, amati proximity effect, owerenga malonda amaikonda chifukwa mawu amamveka aakulu koma kwa woimba imadetsa mix, ndiye mtunda timasankha malinga ndi ntchito. Gain timaika kuti mawu okwera kwambiri azifika cha pa -12 dB, tikujambula mu 24-bit, palibe chifukwa chokankhira mpaka getsi lofiira liyake chifukwa mawu akaphwanyika pojambula sakonzekanso.

Sikuti ntchito iliyonse ndi ya condenser. Anthu awiri akabwera kudzapanga podcast m'chipinda chaching'ono ngati chathu timatulutsa ma dynamic, aliyense yake pafupi ndi pakamwa, apo ayi mawu a wina amalowa mu maiki ya mnzake ndipo editing imakhala yowawa. Mvula ikamagunda padenga, kapena mnyamata wa rap amene amalumpha ndi kukuwa, SM58 ija imabwereranso pa stand. Ndipo munthu akandiuza kuti chipinda chake chili pafupi ndi msewu, sangathe kukhoma kanthu pakhoma, ndimamuuza mosabisa kuti agule dynamic kaye, adzasangalala nayo kuposa condenser yomwe izingomujambulira magalimoto.

Kasamalidwe nako ndi nkhani ya ndalama kwa ife chifukwa tili nayo imodzi yokha. Condenser imadana ndi chinyezi, kachikopa kaja kakanyowa maiki imayamba kuthetheka yokha, ndiye pop filter sitichotsa olo kasitomala anene kuti ikumutchinga, imateteza ku malovu. Tikamaliza timatsitsa gain, kuzimitsa 48V, kudikira pang'ono kenako kuzula kebulo, maiki nkulowa m'bokosi lake limodzi ndi timapaketi ta silica gel. Palibe kuuzira mpweya kapena kuigogoda ndi chala poyesa ngati ikugwira, amene akufuna kuyesa ayankhule.

Mng'ono wanga amalota maiki ya Neumann U 87, yomwe yakhala ikupezeka m'masitudiyo akuluakulu kuyambira 1967, ndipo sindimutsutsa, tsiku lina mwina. Koma tinakhala pansi nkugwirizana kuti ndalama ya chaka chino ipite ku chitseko chachiwiri chokhala ndi labala m'mbali ndi mapanelo awiri a kudenga, chifukwa pakadali pano ntchito za mawu ofewa timazilandira m'mamawa kapena usiku kunja kukakhala zii, ndipo pali makasitomala omwe tikuwabweza chifukwa nthawi yomwe ali nayo ndi masana okha.