Chingwe chokokera kayak chandilowa m'mutu tsopano

Mtima wakhala pansi. Nkhani ya chingwe chokokera kayak, kabwato kakang'ono kopalasa, yomwe yakhala ikundizunguza chiyambireni maphunziro opulumutsana pa nyanja kuno ku Mtakataka, yamveka. Funso loyamba si lakuti chingwe n'cholimba bwanji, koma ngati chimayandama.

Poyerekeza kulemera kwa zopangira zingwe ndi kwa madzi, madzi tiwaike pa 1. Pulasitiki wotchedwa polypropylene ali pa 0.91, ndiye amayandama. Nayiloni ali pa 1.14, poliyesitala pa 1.38, onsewa amamira. Basi, nkhani yonse yagona pamenepa. Chingwe chomira chikangokhwepa chimalendewera pansi pa bwato, chimakodwa m'udzu kapena mu ukonde wa asodzi, ndipo choopsa zedi chimazengereza miyendo ya munthu yemweyo amene mukufuna kumuvuula. Cha m'kathumba koponyera munthu amene wagwera m'madzi, cha mamita 15 kapena 20, chikamira ndiye kuti wogwayo sachiona n'komwe. Agwira chiyani?

Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera nthawi yonse pa makilogalamu amene chingwe chingapirire. Zoti mfundo imadya mphamvu ya chingwe, mwina mpaka theka, tonse tikudziwa kale. Koma mukukoka kabwato ndi munthu mmodzi, osati ngolo ya mbatata yochokera ku Bembeke. Za kuyandama anangozitchula dzuwa litapendeka, anthu maganizo ali pa minibasi.

Ine chida changa tsopano ndi ndowa. M'masitolo a hadiweya pa Dedza boma chingwe chilichonse chapulasitiki amangoti nayiloni, ndiye kufunsa wogulitsa n'kutaya nthawi. Pemphani kachidutswa, kamizeni m'ndowa, kafinyeni kuti mpweya utuluke, kenako kasiyeni. Kakabwerera pamwamba, gulani. Anzanga akuti ndowa yandilowa kwambiri, koma sindikuona mayeso ena oposa amenewa. Chakhonje musachiyese n'komwe, chimamwa madzi n'kuola.

Vuto la polypropylene n'lakuti satamuka ngati nayiloni. Funde likamenya, chingwe chimakutcha m'chiuno mwadzidzidzi. Ndadula chubu chakale cha njinga n'kuchimanga pakati, chingwe ndachisiya chokhwepa pambali pake, kuti chubu chizilandira kugwedezako, ndipo chubucho chikaduka, chingwe chikhalebe chikugwira. Pa lamba wa m'chiuno womangapo chingwe ndaika chomasulira cha dzanja limodzi, poti kudzimangirira mfundo m'chiuno n'kudziitanira maliro.

Dzuwa nalo limamudya polypropylene. Chingwe chikayamba kutuwa n'kumatulutsa ufa m'manja, chatha ntchito, ngakhale chikuoneka chonenepa.

Pa madzi abata zonsezi zayenda bwino. Mwera wa mu Juni ndi nkhani ina. Chubu chija chipirira mafunde aja? Mnzanga wina akuti pokoka mtunda wautali nayiloni womangirira tinthu toyandamitsa ndiye wabwino chifukwa amatamuka yekha. Ndinamutsutsa, koma usiku ndikaganiza ndimaona ngati ali ndi mfundo. Kaya.