Lipoti la ulendo wa ku Germany: kulondola mapazi a Ute Lemper

Amayi, abambo ndi achinyamata anzanga a m'gulu lathu la zisudzo, komiti inandituma kuti ndilembe za ulendo wathu kuti inu amene munatsala mumveko zimene tinakaona. Za matikiti ndi ndalama, a msungichuma apereka lipoti lawolawo. Ine ndikamba chimene tinapitira.

Mzinda wa Blantyre uli pa ubale ndi mzinda wa Hannover kuyambira 1968, ndipo amene anatiitana ndi anzathu a zisudzo a kumeneko. Atatifunsa zomwe tikufuna kuphunzira, tinati tikufuna kuona mmene munthu mmodzi amakwanitsira kuimba, kuvina ndi kuchita sewero pa nthawi imodzi, poti ife zitatuzi timazigawana: uyu ndi wakwaya, uyu ndi wagule, uyu ndi wadirama. Anzathuwo anaganiza bwino. M'malo motizunguliza m'maofesi, anakonza zoti tilondole moyo wa katswiri mmodzi, Mayi Ute Lemper, kuchokera kumene anabadwira mpaka m'mabwalo amene anatchukiramo. Eni akewo sitinakumane nawo, amakhala ku New York. Tinayenda m'malo awo ndi kumvera mawu awo.

Tinayambira ku Münster, pa sitima. Kumeneko ndi kumene anabadwira pa 4 July 1963, m'banja la Chikatolika. Ndi mzinda wa matchalitchi, ophunzira ndi njinga zosawerengeka, ndipo anationetsa holo imene munachitikira za pangano la mtendere la 1648. Sitinakhalitseko, ngati mmene nawonso sanakhalitsire. Ali ndi zaka 16 ankaimba kale m'bandi, kenaka anakaphunzira kuvina ku Cologne ndi zisudzo ku Max Reinhardt Seminar ku Vienna. Mu 1983, ali ndi zaka 20 zokha, anatengedwa m'sewero la Cats ku Theater an der Wien, pamene seweroli linkaonetsedwa koyamba m'Chijeremani. Agogo athu a m'gulu atamva mndandanda wa mizindawu anangoti, "Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi."

Tanthauzo la maphunziro amenewa tinalimva m'thupi titabwerera ku Hannover. Anatikonzera m'mawa umodzi ndi mphunzitsi wa mawu, mayi wachikulire wa tsitsi laimvi, m'chipinda cha magalasi khoma lonse ndi piyano pakona. Anatiuza kuti tiimbe nyimbo yathu ina iliyonse. Tinaimba, ndipo inamveka bwino, nawonso anaomba m'manja. Kenaka anati tiimbenso yomweyo uku tikuthamanga pamalo amodzi, maondo m'mwamba. Vesi yoyamba isanathe, sopulano anali atazima, mabesi akungopumira m'mwamba. Mayiwo anapita kwa mchemwali wathu wamng'ono, naika dzanja lawo m'munsi mwa nthiti zake, n'kumuuza kuti akankhe dzanjalo ndi mpweya, mapewa asasunthe. Anabwereza mpaka mawu anatuluka owongoka thukuta lili kamukamu. Ndiye anatiuza kuti masewero aakulu oterewa amaonetsedwa kasanu ndi katatu pa sabata, miyezi ndi miyezi, ndipo amene wagula tikiti Lachiwiri ayenera kumva zofanana ndi za amene anabwera Loweruka. Luso lobadwa nalo lilipo, ife tili nalo lambiri. Koma pamenepo ndinaona ndi maso kuti luso lopanda mpweya limathera pa vesi yoyamba.

Ku Berlin ndi kumene nkhani inakula. Tinaima kutsogolo kwa Theater des Westens mu msewu wa Kantstraße, nyumba yakale ya 1896, imene Mayi Lemper anachitamo Peter Pan atachoka ku Vienna. Koma chimene chinawakweza ndi Cabaret, motsogozedwa ndi Jérôme Savary ku Paris, kumene anachita mbali ya Sally Bowles nalandira mphoto ya Molière mu 1987. Seweroli nkhani yake ndi ya Berlin pa nthawi imene chipani cha Nazi chinkakwera. Taganizirani: mtsikana wa Chijeremani, wobadwa patangopita zaka 18 nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, akuimba za chiyambi cha manyazi a dziko lake pamaso pa Afalansa, mumzinda umene asilikali a kwawo anaulandapo.

Madzulo ake anatitengera ku Theater am Schiffbauerdamm, m'mbali mwa mtsinje wa Spree. Panja pali chiboliboli cha mlembi wa zisudzo Bertolt Brecht atakhala pansi. M'nyumba imeneyi ndi mmene pa 31 August 1928 munaonetsedwa koyamba sewero loimba la Die Dreigroschenoper, mawu a Brecht, nyimbo za Kurt Weill. Weill anabadwira ku Dessau mu 1900, anali Myuda, ndipo anathawa m'dzikolo mu 1933 Hitler atangotenga boma. Anakafera ku New York mu 1950. Sanathawe yekha. Friedrich Hollaender ndi Mischa Spoliansky, amene nyimbo zawo zinkasangalatsa Berlin usiku uliwonse, nawonso anathawa chaka chomwecho. Nyimbo zawo zinaletsedwa, ndipo mu 1938 ku Düsseldorf boma linachititsa chionetsero chonyoza nyimbo zotere kuti n'zonyansa.

Apa ndiye pagona chimene ndikufuna mumve. Mayi Lemper akanatha kukhala moyo wawo wonse akudumpha kuchoka pa sewero lotchuka ili kupita pa lina, ndalama zikulowa. M'malo mwake anabwerera ku nyimbo za anthu othamangitsidwawa. Cha m'ma 1988 anatulutsa chimbale cha nyimbo za Weill ku kampani ya Decca, chimene chinawadziwitsa dziko lonse, ndipo pambuyo pake anajambula nyimbo za m'makabareti (malo a zisangalalo za usiku) a Berlin zimene a Nazi analetsa, m'Chijeremani ndi m'Chingerezi. Zaka za posachedwapa aimbanso nyimbo zimene Ayuda anapeka ali m'misasa yozunzirako anthu. Anzathu anatiikira chimbale cha Weill chija m'chipinda chimene tinkagona, tonse titakhala pansi. Chijeremani sitimva, koma palibe anayankhula. Mayiwa saimba kuti mawu akome. Pena amanong'ona, pena amakalipa, zilembo zina amachita kuziluma ngati munthu woluma nzimbe yolimba, ndipo umadziwa kuti apa munthu akunyozedwa, apa akulira, apa akuopseza. Wadirama ali m'kati mwa woimbayo, sanatsale panja.

Pa 21 July 1990, miyezi ingapo khoma la Berlin litagwa, anali m'gulu la oimba amene woimba wa ku England Roger Waters anawasonkhanitsa pa konsati ya The Wall, pa malo amene kale anali chipululu cha pakati pa makoma pafupi ndi Potsdamer Platz. Lero pali nyumba zazitali zamagalasi ndi mzere wa miyala pansi wosonyeza mmene khomalo linkadutsa. Tinajambulitsa, tinapitirira.

Kumene tinakhalitsa ndi kumanda a ku Friedenau ku Berlin, kumene kunaikidwa Marlene Dietrich, katswiri wakale wa mafilimu ndi kuimba wa ku Germany. Manyuzipepala a ku Paris ankawatcha Mayi Lemper kuti ndi Marlene Dietrich watsopano, ndipo iwo, pochita manyazi, analembera kalata mayi wachikulireyo kupepesa. Dietrich, amene pa nthawiyo ankakhala chobindikira m'nyumba yake ku Avenue Montaigne, anawaimbira foni mu 1988, ndipo anacheza maola atatu. Zaka zambiri pambuyo pake machezawo anasanduka sewero lawo lotchedwa Rendezvous with Marlene. Dietrich anakana kutumikira a Nazi, anakhala nzika ya America mu 1939, naimbira asilikali amene ankamenyana ndi Hitler, ndipo atabwera kudzaimba kwawo mu 1960 ena anamulandira ndi zikwangwani zomuthamangitsa. Anamwalira ku Paris pa 6 May 1992, koma anapempha kuti akaikidwe ku Berlin, pafupi ndi mayi ake. Chiliza chake n'chaching'ono, pali dzina loyamba lokha ndi zaka, 1901 ndi 1992, ndi mzere umodzi wa ndakatulo. Tinapezapo maluwa ongoikidwa kumene. Amayi a m'gulu anaona kuti sitingachoke pamanda osaimba, ndiye tinaimba chapansipansi vesi imodzi ya nyimbo ya maliro, bambo wina wothirira maluwa chapatali naima mpaka titamaliza.

Chaka chomwecho cha 1992, Mayi Lemper anachita mbali ya Lola mu Der blaue Engel ku Theater des Westens, mbali yomwe inatchukitsa Dietrich mu filimu ya 1930. Olemba za zisudzo m'manyuzipepala a kwawo anawadzudzula koopsa. Wotiperekeza, amene anali mnyamata nthawi imeneyo, anati mpaka lero amaona kuti chidzudzulocho chinapitirira muyeso. Ulemu waukulu unabweranso kuchokera kunja: mu 1997 anachita Velma Kelly mu Chicago ku Adelphi Theatre ku London, analandira mphoto ya Olivier mu 1998, ndipo chaka chomwecho anakachita mbali yomweyo ku Broadway, mabwalo a zisudzo a ku New York.

M'sitima yobwerera ku Hannover munabuka mtsutso umene sunathe. Achinyamata ankati phunziro la ulendowu ndi thupi ndi mpweya, tiyambe maphunziro okhwima, tipeke masewero oimba ndi kuvina amene angadzadze holo. Abambo ena aakulu ankati ayi, chachikulu n'chakuti mayiwa anadziwa nyimbo zoti anyamule. Anatikumbutsa kuti nafenso tinakhalapo ndi nthawi, ya chipani chimodzi, imene sewero linkayamba launikidwa lisanaonetsedwe, ndipo ochita zisudzo ankabisa nkhani m'miyambi ndi m'nthano za nyama. Sanafanizire zimenezo ndi zimene zinachitikira Ayuda, ndipo ananena momveka kuti n'zosafanana. Funso lawo linali lakuti, kodi nyimbo ndi masewero a nthawi imeneyo akusunga ndani, poti eni ake akutha mmodzimmodzi?

Ine ndili kumbali ya abambowo, ngakhale ndikudziwa kuti popanda Cologne ndi Vienna mayiwa sakanatha kunyamula Weill. Ovina bwino mu Cats analipo ambiri, ndipo ambiri mwa iwo mayina awo sakumbukika. Amene tinamuyendera ulendo wonsewu ndi uja anasankha kuimba zimene dziko lake linayesa kufafaniza.

Tisanatsike tinagwirizana zoti tibweretse ku msonkhano wa gulu lonse. Tikupempha kuti mphindi makumi atatu zoyambirira za pulakatisi iliyonse zikhale za mpweya ndi kuimba uku tikuyenda, akwaya, agule ndi adirama pamodzi, popanda wothawira kumbuyo. Tikupemphanso achinyamata awiri odzipereka, okhala ndi foni zojambula bwino mawu, kuti ayambe kuyendera akuluakulu amene ankachita zisudzo zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Anzathu a ku Hannover ati akufuna kudzabwera nawonso, ndipo afunsa ngati tingadzawaonetse sewero lochokera pa zimene tidzatolezo. Sitinawayankhe, tinati tikafunse kaye eni gulu. Chimbale chija tabwera nacho, tidzamvera limodzi Loweruka tisanayambe zokambirana, choncho chonde fikani pa nthawi yake.