Pajero yathu yakale ndi misewu ya m'munsi mwa phiri

Ine ndi mayi akunyumba tinayamba ndi kugulitsa zinanazi pa Chitakale. Alendo okwera phiri la Mulanje ankatsika minibasi pomwepo, zikwama zikuluzikulu kumsana, n'kumafunsa galimoto yowafikitsa ku Likhubula. Ife tinkangowalozera akabaza. Tsiku lina mayi anati, "Bambo, anthuwa tiziwapereka kwa ena mpaka liti?" Tinasunga ndalama zaka zitatu, za ku banki m'khonde zinathandizira, mpaka tinagula Mitsubishi Pajero ya 1994.

Ndi ya m'badwo wachiwiri, uja unayamba kutuluka mu 1991. Injini yake ndi 6G72, V6 ya malita 3, yoyendera petulo. Anzanga anapukusa mitu, amvekere bwanji osagula ya dizilo. Zoona, imamwa mafuta, ndipo petulo akasowa ndimagona pamzere ku filing'i siteshoni mtima uli m'mwamba poganizira alendo a mawa. Koma injiniyi ilibe turbo, amakaniko athu amaidziwa, ndipo ukamasintha oyilo ndi timing belt (lamba wa m'kati mwa injini) pa nthawi yake, siikukhumudwitsa.

Chimene chimatidyetsa kwenikweni ndi kagiya kakang'ono kali pambali pa giya yaikulu, ka Super Select. Pa phula popita ku Limbe ndimayenda pa 2H, matayala akumbuyo okha ndiwo amakoka, mafuta n'kupulumukako. Chiperoni chikagwa msewu n'kuyamba kuterera, ndimakankhira ku 4H galimoto ili kuyenda, osaima, kuti matayala onse anayi azikoka. Pa dashibodi pali kachithunzi ka matayala anayi. Magetsi a matayala akutsogolo amayamba aphethiraphethira, akangoyaka osazima ndimadziwa kuti agwira. Dothi lofiira la m'minda ya tiyi cha ku Lujeri likanyowa limakhala ngati sopo, ndiye pamenepo ndi pa 4HLc, pamene mphamvu yopita kutsogolo ndi kumbuyo imamangidwa pamodzi. Pa chitunda chamiyala ndimaima kaye, giya pa nyutulo, n'kulowetsa 4LLc, giya yotsika yamphamvu kwambiri. Imakwera pang'onopang'ono ngati nanzikambe, koma siibwerera.

Ndinaphunzira movutikira. Mwezi woyamba ndinatuluka m'matope n'kuiwala kuchotsa 4HLc nditafika pa phula. Pokhota, chiwongolero chinauma gwa, matayala akulira. Makaniko wina wachikulire anandikhazika pansi: "Achimwene, pouma musamamange pakati, mudzathyola zitsulo zodula." Mawu amenewo ndimamuuzanso mnyamata amene ndikumuphunzitsa.

Namondwe wa Freddy atawononga misewu mu Marichi 2023, alendo anasowa kwa miyezi. Pajeroyi inkanyamula ufa, odwala ndi amayi oyembekezera m'njira zimene galimoto zazifupi zinkakanika, chifukwa ndi yotalika pansi ndipo thupi lake linakhala pa shasi yolimba. Ambiri amene amatiimbira lero pa maukwati ndi pa maliro anatidziwa nthawi imeneyo.

Mayi akadali ndi benchi lawo la zinanazi, ndipo ndi amene amalemba maulendo m'kope. Loweruka lino alembamo alendo anayi opita ku Dziwe la Nkhalamba, kunyamuka 6 koloko m'mawa.