Lachinayi ku Orsay, pamaso pa Venus awiri

Mapazi akuwawa, koma sindigona ndisanalembe za lero. Mvula inayamba mbandakucha mu Paris muno, ndiye achemwali anati tikausire ku Musée d'Orsay, chinyumba chomwe chinatsegulidwa mu 1900 ngati siteshoni ya sitima, n'kudzasanduka mosungiramo zojambula mu 1986. Chiwotchi cha pasiteshoni chikadalipo.

Ine mtima unali pa zojambula za Claude Monet. Koma amene anandiimitsa ndi Alexandre Cabanel ndi chithunzi chake cha kubadwa kwa Venus, cha mu 1863. Nthano yake ndi ya Agiriki: Aphrodite, mulungu wamkazi wa chikondi amene Aroma ankamutcha Venus, anatuluka m'thovu la m'nyanja. Cabanel anamugoneka pamafunde ali mbulanda, tsitsi lalitali litayalana pamadzi, tiana ta mapiko tikuuluka pamwamba pake, tina tikuliza zigoba za nkhono. Ndinasendera pafupi kufuna kuona pomwe burashi inadutsa. Osapaona! Khungu lili see, ngati silinapakidwe ndi dzanja la munthu. Mfumu Napoleon III atangochiona pa Salon, chionetsero chachikulu cha zojambula mu Paris, chaka chomwecho, anachigula.

Achemwali anayang'ana kanthawi n'kunena kuti, "Achimwene, koma madziwo sakumunyowetsa bwanji?" Zoonadi. Munthu wagona panyanja, koma thupi lake ndi louma gwa. Funso limeneli ndayenda nalo tsiku lonse.

Venus wachiwiri ndi wa William Bouguereau, wa mu 1879, chithunzi chotalika mamita atatu. Uyu waima pachigoba. Ndinakhalitsa pa zala za kumapazi kwake, momwe zagwirira chigobacho. Luso lotere munthu amalipeza atajambula matupi zaka ndi zaka pasukulu ya École des Beaux-Arts, ndipo zimandipweteka kuti Bouguereau atamwalira mu 1905, dzina lake linasanduka chotonzera kwa okonda zojambula zatsopano. Patangopita zaka ziwiri wojambula Pablo Picasso anali ataphwanyaphwanya kale thupi la munthu m'zidutswa zosongoka, dziko n'kutembenukira komweko.

Kenako tinafika pa Olympia wa Édouard Manet. Anamujambula mu 1863 momwemo, koma atamuonetsa ku Salon mu 1865, anthu anapsa mtima. Nayenso ndi mbulanda, kungoti alibe dzina la mulungu wamkazi loti abisalemo. Ndi mkazi wa mu Paris, wagona pabedi, kansalu kakuda m'khosi, maso ali pa iwe tong'o. Apa m'pomwe ndinamvetsa ntchito yomwe nthano za Agiriki zinkagwira m'nyumba za olemera: ukati uyu ndi Venus, umayang'ana mpaka kukhuta popanda wokudzudzula. Manet anachotsa chophimbacho, ndipo manyazi anagwera woyang'anayo.

Komabe sindinatenge mbali. Cabanel sindingamutaye. Dzanja lake ndimalilemekeza ngakhale kuti nyanja yake siinyowetsa.

Amene ndabwera naye kunyumba m'maganizo ndi mayi wachikuda yemwe waima kumbuyo kwa Olympia atanyamula maluwa. Dzina lake anali Laure. Kwa zaka zambiri olemba ankatha mawu pa mphaka wakuda wa kumapazi kwa bedi, iye osamulabadira. Orsay yomweyi inadzachita chionetsero cha anthu akuda m'zojambula mu 2019. Achemwali anaima pamaso pake nthawi yaitali osayankhula. Titatuluka, mvula itakata, anati tidzabwererenso Loweruka, tidzayambire pa Laure.